Tsiku lomwe tinaika nkhafi pansi pa Chiromo

Anthu ambiri akamva za ulendo wautali wa pabwato amaganiza kuti ndi kupalasa basi, m'mawa mpaka madzulo, kufikira ukafike. Koma pa mtsinje wa Shire pali tsiku lomwe umayenera kuima, kukokera bwato kumtunda ndi kuyamba kufunsa. Ine ndi mnzanga tsiku limenelo tinaliika pa Chiromo, paulendo wathu wochokera pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa kutsikira ku Nsanje, pa timabwato tapulasitiki tija amati kayak.

Tinafika titatha masiku atatu m'dambo lalikulu la Elephant Marsh. Dzinali ndi la kale: mu 1859 David Livingstone akuti anawerenga njovu pafupifupi 800 kumeneko. Lero njovu kulibe, koma mvuu ndi ng'ona ziliko, ndipo namasupuni amatseka njira moti poti dzulo panadutsa bwato lero pamaoneka ngati dimba. Pofika pa Chiromo m'manja munali matuza okhaokha, zovala zonse zitanyowa.

Kutopa sikunali chifukwa chokha choimira. Pa Chiromo ndi pomwe mtsinje wa Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, umathira mu Shire. Ruo ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo kuyambira pamenepo kutsika mmunsi Shire nayenso amakhala malire, malinga ndi pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Ndiye ukamatsika, gombe la kumanja ndi kwanu, la kumanzere ndi dziko la eni. Mphepo ikangokukankha pang'ono, wapita kunja wopanda pasipoti.

M'mawa tinayanika katundu, tinatchaja mafoni pa kasitolo ka sola, kenako tinakakhala padooko ndi asodzi. Bambo wina wachikulire, akusoka ukonde, anayang'ana mapu a pafoni yanga n'kuseka. Anati mtsinje womwe uli pafonipo ndi wakale. Ankanena zoona. Madzi osefukira a mu January 2015 anachititsa Ruo kusiya njira yake n'kuboola ina cha ku Makhanga, ndipo namondwe Freddy mu March 2023 anadzaunjikanso mchenga wina. Bamboyo anatijambulira pansi ndi kamtengo: apa pali mvuu yokhala ndi mwana, dutsani patali, apa madzi amazungulira, apa musatsike m'bwato ngakhale kuoneke kosaya, ng'ona zimaothera dzuwa pomwepo. Anatiuzanso kuti tizigogoda m'mbali mwa bwato poyandikira pokhota, kuti mvuu itimve tisanaidzidzimutse. Zimenezi Google Maps sinena.

Masana tinayenda kukaona mlatho wa njanji. Ndi kovuta kukhulupirira kuti malo ano anali khomo la dziko lino. M'zaka za m'ma 1890 sitima zapamadzi zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkakocheza pano, katundu ankalipitsidwa msonkho pano, ndipo njanji yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 inadutsa pano. Mu 1997 madzi anakokolola njira ya pakati pa Chiromo ndi Bangula, pamalo omwe anthu anawatcha Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo bwato linasanduka mlatho. Tinaona amayi akukwera ndi madengu a nsomba zouma, anyamata akukweza njinga, wina atanyamula thumba la chimanga. Ife tinali pamadzi mwa kufuna kwathu, titavala majekete oyandamitsa. Iwo amawoloka chifukwa msika ndi achibale ali tsidya linalo, ndipo jekete palibe amene anavala. Nditaona zimenezo, kunyadira kwanga kwa masiku atatu kunachepa ndithu.

Pafupi ndi pomwe mitsinje iwiriyi imakumana pali nkhani ina yoti aliyense woyenda pamadzi aidziwe. Bishopu woyamba wa mishoni ya UMCA, Charles Mackenzie, ankatsika Shire kudzakumana ndi Livingstone pa mathiriro a Ruo. Bwato linagubuduzika m'njira, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi. Anamwalira konkuno pa 31 January 1862. Udzudzu wa kuno sunasinthe. Madzulo amenewo tinamasula katundu yense n'kumanganso: mankhwala m'thumba losalowa madzi, thumbalo n'kulimangirira kubwato, neti yotchinga udzudzu pamwamba poti izipezeka msanga.

Mgonero unali nsima ya mlamba wowamba, kwa mayi wina yemwe anatilola kukhoma tenti pabwalo pake. Pocheza ankasakaniza Chisena ndi Chimang'anja, ndipo anatiuza kuti chaka cha njala anthu amalowa m'dambo lomwelo kukazula nyika, ng'ona zili pomwepo.

Ngati mukulingalira ulendo wotere, musawerenge masiku opalasa okha. Siyani tsiku limodzi lopanda nkhafi, mukaonekere kwa amfumu, mufunse asodzi, mugone tulo tokwanira. Ife tinanyamuka kutangocha, mphepo isanayambe, titatsamira gombe la kumanja monga anatilangizira. Pokhota pachiwiri tinagogoda bwato. Mitu iwiri ya mvuu inavuuka chapatali, n'kumiranso.