Batire Lachiwiri pa Galimoto ya Mlimi

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi a ku Kariba, ZESCO inayamba kuthimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September madera ambiri a Lusaka ankakhala mumdima mpaka maola 21. Oweta nkhuku ndiwo analira kwambiri, pakuti katemera wa chitopa amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu osaonetsa chizindikiro chilichonse. Kuyambira pamenepo ambiri a inu, abale ndi alongo amene munaphunzira pano, mwakhala mukufunsa ngati galimoto yonyamula ndiwo ingathenso kusamala kafiriji, nyale ndi mafoni. Ingathe ndithu. Alendo odutsa pa Great East Road ndi magalimoto ogonamo, popita ku South Luangwa, akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma pali malamulo ake.

Injini ikamayenda, lamba amazunguza alternator, ndipo iyo imatulutsa mavoliti apakati pa 13.8 ndi 14.4. Batire lodzaza likangokhala limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Kusiyana kumeneku ndiko kumakankhira mphamvu m'batire, monga madzi atsikira kumunsi. Batire lolizira injini linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi, kenaka lidzazidwenso msanga. Mukalikoka usiku wonse ndi firiji limafa m'miyezi yochepa, ndipo tsiku lina mbandakucha mudzapezeka mukukankha galimoto yodzaza repu anzanu atafika kale ku Soweto. Nchifukwa chake pamafunika batire lachiwiri, la mtundu wa deep cycle, lopirira kutsitsidwa pang'onopang'ono.

Amakaniko ena amangolumikiza mabatire awiriwo ndi waya. Apa mpamene pagona vuto: injini ikazima, awiriwo amakhala ngati chitsime chimodzi, ndipo firiji imamwa onse. Pakati pawo payenera kukhala chipangizo chowalekanitsa. Chotsika mtengo ndi relay yomva mavoliti, yotchedwa VSR. Ikaona kuti mphamvu yafika cha m'ma 13.3 imawalumikiza, ndipo ikatsika cha m'ma 12.8 imawalekanitsa. Pa Hilux yakale imagwira bwino ntchito.

Pa magalimoto ambiri atsopano sizili choncho. Kompyuta ya galimoto imatsitsa dala mavoliti a alternator pofuna kusunga mafuta, motero relay imangotseguka ndi kutsekeka, batire lachiwiri osadzaza. Pamenepo pamafunika tchaja ya DC-DC, imene imalandira mphamvu ngakhale yochepa ndi kuikweza kufika pa mlingo woyenera batire. Ngati mwagula batire la lithium, tchaja imeneyi njosakambirana. Lithium imameza mphamvu yonse imene yapatsidwa, ndipo alternator yokakamizidwa chotero, galimoto ikukwawa pamzere wa pa Lumumba Road popanda mphepo yokwanira yoiziziritsa, imapsa. Ine ndimalangiza DC-DC ngakhale pa galimoto yakale, ngati thumba lalola.

Mawu apadera kwa eni ake a Canter ndi malole ena a mavoliti 24. M'menemo muli mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, ndipo nkosavuta kuyesedwa kutapa mavoliti 12 pa limodzi. Musatero. Lotapidwalo silidzaza, linzake limadzaza mopitirira, ndipo mudzagula onse awiri. Funani tchaja yotsitsa 24 kufika pa 12.

Waya nayenso ali ndi mlandu. Kuchokera kuinjini kufika kumbuyo kwa galimoto ndi mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo waya woonda amadya mavoliti m'njira, natentha. Pa mtunda wotere gulani wa mkuwa weniweni wa 16 mm², osati wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, umene mungauzindikire poupala ndi mpeni: mkati mwake ndi moyera. Ikani fyuzi kumapeto onse awiri, pafupi ndi batire lililonse, chifukwa waya akakhudza chitsulo moto umachokera mbali zonse. Pomwe waya adutsa pabowo la chitsulo pavekedwe labala. Batire limangidwe zolimba, pakuti misewu ya kumunda mukuidziwa, ndipo ngati ndi la asidi lisatsekeredwe m'bokosi lopanda mpweya, popeza likamadzaza limatulutsa haidrojeni, mpweya woyaka ndi kamoto kakang'ono.

Tsopano tiwerengere, pakuti apa ndipo ambiri amakhumudwa. Tiyerekeze kuti kafiriji kanu kamakoka ma amp 4 ndipo m'nyengo yotentha ya October kamalira theka la nthawi. Pa maola 24 kadya 48 Ah. Batire la asidi la 100 Ah siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, ndiye kuti zanu ndi 50 Ah zokha. Mita ikaonetsa 12.2 mwafika pamalire. Nanga zobwezera? Kuchokera ku Chelstone kupita ku Soweto ndi kubwerera, tinene maola awiri pamsewu. Tchaja ya ma amp 20 ibweza 40 Ah. Tsiku lililonse mukutsala ndi ngongole ya 8 Ah, nyale ndi mafoni tisanawerenge. Amene mumazungulira ndi mazira m'makomo a ku Kabulonga, Woodlands ndi Kabwata mumayenda maola ochulukirapo, ndipo mwina mungakwanitse. Kuliza injini pabwalo kuti batire lidzaze ndi kuwotcha dizilo wambiri pa phindu lochepa.

Kwa ife osunga Sabata pali chinanso. Galimoto imaima Lachisanu masana ndipo kawirikawiri siyenda ulendo wautali kufikira Lamlungu m'mawa, pafupifupi maola 40. Pa chiwerengero chathu chija ndi 80 Ah, zimene batire limodzi la asidi la 100 Ah silingapereke popanda kuvulala. Njira zilipo ziwiri: kuwonjezera batire, kapena kuika sola ya mawati 100 kapena 150 padenga la galimoto. Matchaja ambiri a DC-DC ali ndi polowera sola, choncho funsani zimenezo musanalipire. Pa tsiku lokonzekera pimani batire ndi mita, dzazani malo otsala m'firiji ndi mabotolo a madzi ozizira, ndipo ikani choyezera kutentha pambali pa katemera, kuti Lamlungu muone nambala musanapatse anapiye.