Cifukwa Cace Tayala Liphulika pa Dzuwa

Munthu wa ku Chelstone apopa njinga yace m'mamawa kukali kozizira, nalimbitsa tayala kufikira liti gwa. Atafika m'tauni aitsamiritsa pa dzuwa la October m'mbali mwa Cairo Road. Masana tayala liphulika, ngakhale silinaponde munga kapena msomali. Kodi caliphulitsa n'ciani?

Mpweya uli ndi tizidutswa tating'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, timene tithamanga kosalekeza ndi kugunda zipupa za cinthu cimene tatsekeredwamo. Mpweya ukatentha tizidutswato tithamanga koposa ndi kugunda mwamphamvu. Tsono ngati zipupazo zili zofewa, monga za baluni, mpweya ufutukuka nutenga malo akulu. Koma ngati zili zolimba, usowa kopita, ndipo kukankha kwace ndiko kumakula.

Jacques Charles wa ku France anapima zimenezi ca m'ma 1787, ndipo Joseph Gay-Lussac anazifalitsa mu 1802. Mu 1848 William Thomson, amene pambuyo pace anachedwa Lord Kelvin, anaonetsa kuti kutentha kuyenera kuwerengedwa kuyambira pa madigiri 273 a Celsius pansi pa ziro, pamene pali malire a kuzizira konse. Motero madigiri 15 a m'mamawa akhala 288, ndipo madigiri 45 a tayala lokhala pa phula lamoto akhala 318. Kucokera pa 288 kufika pa 318, kukankha kwa mpweya kuonjezeka ndi gawo limodzi la magawo khumi. Tayala labwino lipirira zimenezo. Lakutha kapena lopopedwa mopyola muyeso silipirira ai.

Cifukwa cace woyendetsa galimoto wa ku Woodlands kapena Kabulonga ayenera kupima matayala asanayambe ulendo, akali ozizira. Asaphwetse tayala lotentha poliona lolimba, pakuti likazizira lidzakhala lofewa koposa.

Lamulo lomweli ligwira nchito m'migodi ndi m'nyumba zosulira zitsulo. Botolo lacitsulo la oksijeni lisaikidwe pa dzuwa kapena pafupi ndi moto. Ndipo mai wa ku Kabwata asataye pa mbaula citini ca mankhwala opopera udzudzu, cingakhale cioneke cotha, pakuti mpweya wotsalamo ukatentha ung'amba citsulo nuvulaza ana okhala pafupi.