Kuyeza poizoni amene maso sangamuone

Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Makina anazima, ogwira ntchito anabalalika, koma fumbi linatsala. Lili m'mabwalo momwe ana amamenyera mpira wachikulunga, lili pamakhonde pomwe makanda amakwawa, ndipo mphepo ya m'chilimwe imalinyamula pachimulu cha zinyalala zapamgodi n'kukalithira m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mutalitapa m'manja simungalisiyanitse ndi fumbi la ku Ndirande kapena la ku Mchesi. Silinunkha, siliyabwa, silioneka lachilendo.

Mu 2015, akatswiri a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan, motsogozedwa ndi John Yabe, anafalitsa zimene anapeza atayeza magazi a ana 246 a m'makomboni atatuwa. Bungwe la World Health Organization limati mwana akapezeka ndi mamaikulogalamu 5 a mtovu m'mamililita 100 a magazi, pafunika kufufuza kumene poizoniyo akuchokera ndi kumutsekera njira. Pafupifupi ana onse oyezedwawo anapitirira malire amenewa, ndipo ena anadutsa 150. Ambiri mwa iwo ankaseka ndi kuthamanga ngati ana ena onse. Chimene chinaulula za matenda awo ndi nambala yotuluka m'makina a m'labotale.

Ine ndimaphunzitsa chemistry kusekondale, ndipo nkhani ngati imeneyi ndi imene imandisowetsa tulo. Poizoni woopsa kwambiri m'madzi, m'dothi ndi m'chakudya chathu si uja amagwetsa munthu pomwepo. Ndi uja amalowa pang'onopang'ono, mwakachetechete. Mdani wotereyu sagonja kwa munthu wina aliyense koma wodziwa kuyeza.

Mtovu ukalowa m'thupi, thupi limaulandira ngati calcium, mchere womanga mafupa, ndipo limausunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mayi akakhala woyembekezera, mtovu wina umatuluka m'mafupamo n'kupita kwa mwana ali m'mimba. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu pa muyezo womwewo umene onse ameza, ndipo mwana wosowa zakudya zopatsa magazi amayamwa wochulukirapo. Ubongo umene ukukula ndiwo umavulala kwambiri. Mwana amachedwa kugwira zinthu m'kalasi, sakhazikika, magazi amamuchepera, ndipo ife timangoti ndi waulesi kapena wosamva. Mtovu ukachuluka zedi amakomoka, amaphupha ngati wakhunyu, mwinanso kumwalira kumene.

Vuto la woyeza ndi lakuti zimene akufunafunazo ndi zochepetsetsa. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Malire a WHO a mtovu m'madzi akumwa ndi mamaikulogalamu 10 pa lita, ndipo a poizoni wina wotchedwa arsenic ndi omwewonso. Kunena kwina, mutatenga galamu imodzi yokha n'kuisungunula m'madzi odzaza zigubu 5,000 za malita 20, ndiye kuti mwafika kale pamalirepo. Kodi kanthu kochepa chonchi munthu angakagwire bwanji?

Funso limeneli linayamba kuyankhidwa m'bwalo lamilandu. Kale ku Ulaya, arsenic anali chida cha anthu ofuna kupha achibale mobisa, chifukwa ufa wake woyera sumveka m'chakudya ndipo wodwalayo amaoneka ngati watsekula m'mimba wamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830, katswiri wina wa ku Woolwich ku England, James Marsh, anaitanidwa pamlandu wa John Bodle, amene ankamuganizira kuti anathira poizoni m'khofi wa agogo ake. Marsh anapezadi arsenic, koma umboni wake, womwe unali ufa wachikasu, unali utawonongeka pofika tsiku lozenga mlandu, ndipo Bodle anamasulidwa. Zinamupweteka mtima Marsh, moti mu 1836 anatulutsa njira yatsopano. Chinthu chokayikitsacho amachisakaniza ndi zinki ndi asidi. Ngati muli arsenic, mumatuluka mpweya umene ukayatsidwa moto n'kuikapo mbale yozizira, umasiya banga lakuda lonyezimira pambalepo. Banga limeneli silifufutika msanga, ndipo oweruza atha kuliona ndi maso awo. Mu 1840 njirayi inagwiritsidwa ntchito ku France pamlandu wotchuka wa Marie Lafarge. Kuyambira pamenepo opha anzawo ndi arsenic anadziwa kuti ngakhale mtembo utha kupereka umboni.

Njira ya Marsh sinafe. Ku Bangladesh, kumene mijigo yambirimbiri inapezeka kuti ikutulutsa madzi a arsenic wochokera m'nthaka momwemo, ogwira ntchito zaumoyo ankayenda mudzi ndi mudzi ndi timabokosi toyezera tomangidwa pa nzeru yomweyi. Mpweya wotuluka m'kabotolo umasintha mtundu wa kapepala, ndipo kapepalako amakayerekeza ndi tchati cha mitundu. Mjigo wabwino ankaupaka penti wobiriwira, woopsa ankaupaka wofiira, kuti ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga adziwe kotunga madzi akumwa.

Njira yachiwiri inachokera m'lawi la moto, ndipo mayi aliyense wophika pagasi anaionapo. Ndiwo zamchere zikatayikira pamoto, lawi lobiriwira ngati mtambo lija limasanduka lachikasu. Chikasu chimenecho ndi cha sodium wa mumchere. Waya wa kopa amapereka lawi lobiriwira ngati msipu. Cha m'ma 1860, ku Heidelberg m'dziko la Germany, Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anaonetsa kuti mtundu uliwonse wa atomu ukatenthedwa umatulutsa kuwala kwakekwake, ndipo kuwalako kukadutsa pagalasi lomwaza mitundu kumaoneka ngati timizere tokhala pamalo ake osasintha. Anaonetsanso kuti atomu imameza kuwala kwa mtundu womwewo umene imatulutsa.

Mu 1955, Alan Walsh wa ku Melbourne ku Australia anasandutsa mfundo yachiwiriyi kukhala makina otchedwa atomic absorption spectrometer, omwe a m'labotale amangoti AAS. Mukafuna kuyeza mtovu, mumaika m'makinamo nyale yapadera yokhala ndi mtovu mkati mwake, imene imatulutsa kuwala komezedwa ndi maatomu a mtovu. Madzi oyezedwawo amapoperedwa m'lawi lotentha kwambiri, ndipo kuwala kwa nyale kumadutsa m'lawimo kupita kudiso la makina. Mtovu ukachuluka m'madzimo, kuwala kofika kutsidyako kumachepa, ndipo kuchepako ndiko kumasandulika nambala. Poyeza magazi, m'malo mwa lawi amagwiritsa ntchito kachubu ka graphite kotenthedwa ndi magetsi, ndipo kadontho kamodzi kamakwanira.

Lero mfumu ya makina oterewa ndi ICP-MS, imene inayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980. Imatenthetsa mpweya wa argon kuposa kutentha kwa pamwamba pa dzuwa, imaphwanya chilichonse cholowamo kukhala maatomu paokhapaokha, kenako imawasanja potsata kulemera kwawo n'kuwawerenga. M'mphindi zochepa imakuuzani za mtovu, arsenic, cadmium, uranium ndi zina zambiri nthawi imodzi. Koma ndi yokwera mtengo, imafuna magetsi osathimathima, argon wosatha ndiponso katswiri woikonza.

N'chifukwa chake ndimakonda kwambiri zida zoyenda nazo kumudzi. Pali kamakina ka m'manja kotchedwa XRF. Mumakaloza pakhoma, padothi kapena pampoto, iko kamawombera ma X-ray, maatomu a pamalopo amabweza ma X-ray a mtundu wawo, ndipo yankho limaoneka mphindi isanathe popanda kuphwanya kanthu. Palinso LeadCare II, imene imayeza mtovu m'kadontho ka magazi a pachala m'mphindi zitatu. Imawerenga mpaka 65 basi, ndipo kupitirira apo imangosonyeza kuti mtovu wachuluka, moti magazi ayenera kupita kulabotale yaikulu.

Phindu la zida zimenezi linaoneka ku Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, mu 2010. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anapeza kuti ana aang'ono akumwalira mochuluka m'midzi ina, ataphupha ndi kukomoka. Mankhwala a malungo sankathandiza. Magazi atayezedwa, panapezeka mtovu wochuluka modabwitsa. Makolo ankabweretsa kunyumba miyala yokumba pofuna golide, n'kumaiphwanya ndi kuigaya m'mipanda momwe ana amasewera, osadziwa kuti miyalayo inali yodzaza mtovu. Ana oposa 400 anamwalira. Akuluakulu anati kusadziwa n'kufa komwe, ndipo ku Zamfara mawuwa sanali mwambi chabe. Chifukwa chitadziwika, ma XRF anasonyeza mabwalo oipitsidwa, dothi lapamwamba linapalidwa n'kuikapo lina, ana anapatsidwa mankhwala okoka mtovu m'magazi, ndipo imfa zinatsika kwambiri.

Komabe makina paokha sanena zoona. Amanena zoona akakhala m'manja osamala. Clair Patterson, katswiri wa ku America, ankayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba pofuna kudziwa zaka za dziko lapansi, koma manambala ake ankangosokonekera. Atafufuza anapeza kuti mtovu unali paliponse m'chipinda chake: m'fumbi, m'madzi, m'mabotolo, ngakhale pazovala zake. Anamanga labotale yoyera kwadzaoneni, ndipo mu 1956 analengeza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.55 biliyoni. Sanalekere pomwepo. Anatsatira mtovu womuvutitsa uja mpaka anaupeza m'petulo, momwe makampani ankauthira kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo analimbana nawo kwa zaka zambiri. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kuchiyambi kwa 2006, ndipo Algeria inakhala dziko lomaliza kumusiya mu 2021.

Phunziro la Patterson ndi limene woyeza aliyense amayambira. Botolo lotungira madzi litsukidwe ndi asidi. Chala cha mwana chisambitsidwe bwino asanachibaye, apo ayi muyeza fumbi la pakhungu osati magazi. Pa zoyeza zanu payenera kukhala botolo la madzi oyera opanda kanthu, kuti likaonetsa mtovu mudziwe kuti mwaipitsa nokha. Ndipo makina ayambe ayeza madzi amene mukudziwa kale muyezo wake, asanakhudze amene simukuwadziwa.

Zonsezi sizili kutali nafe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linagula zitini za penti wamafuta m'masitolo a kuno ku Malawi n'kukaziyezetsa. Zambiri zinapezeka ndi mtovu wopitirira magawo 90 pa miliyoni, malire amene mabungwe a United Nations amalimbikitsa. Malawi Bureau of Standards inachitapo kanthu, opanga penti ena anasintha zosakaniza zawo, ndipo poyezanso patapita zaka zochepa penti wa mtovu anali atachepa pamsika. Kuyeza kumodzi kunateteza ana osawerengeka. Koma mafunso ena akadali chilili. Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu wambiri: akatha ntchito amaphwanyidwa kuti, ndipo ndani amawaphwanya? Ofufuza ku Cameroon anapeza mtovu m'mapoto osulidwa kuchokera ku zitsulo zotolatola. Nanga athu ogula pamsika aja? Nanga mitsinje ya kumene anthu akuchapa golide?

Oyankha mafunsowa ali m'Fomu 3 lero, ndipo ambiri ali m'sukulu zoyendera zimene zilibe labotale. Mwana amalemba mayeso a MSCE ataloweza kuti lead nitrate akakumana ndi potassium iodide pamatuluka chikasu, koma chikasucho sanachionepo. Ine ndimakana kuti kusowa makina kutilepheretse kuphunzitsa mtima wa ntchitoyi. Ndimatenga botolo la Sobo ndi matambula ofanana. M'tambula yoyamba timathira madzi okhaokha, yachiwiri supuni imodzi ya Sobo, yachitatu masupuni awiri, choncho mpaka asanu, ndipo onse timawadzaza madzi kufika pamzere umodzi. Kenako ndimatulutsa tambula imene ndasakaniza kuseri, ndi kuwafunsa kuti muli masupuni angati. Amakangana, amaika matambulawo pawindo, amayerekeza mitundu, wina amaona kuti tambula ina inali yosatsuka bwino. Akamatero akuchita zomwezo zimene AAS imachita, ndipo ndimawauza zimenezo. Mchere wa kukhitchini, kawaya ka kopa ndi kanyale ka spiriti zimawaonetsa zimene Bunsen anaona.

Kuchoka apo njira ilipo: University of Malawi ku Zomba, MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University. Chimene ndikupempha n'chakuti malabotale a kumeneko azitsekula zitseko kuti ana a sekondale adzaone makinawa akugwira ntchito, ndi kuti boma pogula makina liziika padera ndalama za gasi, mankhwala ndi amisiri owakonza, chifukwa makina ophimbidwa nsalu pakona sanapulumutsepo mwana. Zipatala zathu zazikulu nazonso zikhale ndi poyezera mtovu m'magazi.

Pamene migodi yatsopano ikutsekulidwa m'dziko muno, tiyeze madzi, dothi ndi magazi a ana a m'midzi yozungulira ntchito isanayambe, kuti mawa pasadzakhale kukanirana. Ndipo munthu akabwera pamsonkhano wa kwa amfumu n'kunena kuti madzi ali bwinobwino, pakhale mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo woimirira mwaulemu n'kufunsa kuti: mwayeza liti, mwayeza ndi chiyani, ndipo mwapeza zingati? Ana odziwa kufunsa mafunso atatuwa, ndi kumvetsa mayankho ake, ndiwo amene ndikufuna azituluka m'kalasi mwanga.