Kabwata: kwawo kwa makalaliki, kumene kompyuta imatopa ndi fumbi ndi malaiti

Pa ulendo wathu woyendera madera a mu Lusaka, sabata ino tatsikira ku Kabwata. Wochokera m'tauni sakhalitsa m'minibasi: mukangodutsa Kamwala n'kulowa mu Burma Road, kondakitala asanamalize kubweza chenji, mwafika. Kufupika kumeneku kunachita kukonzedwa. Atsamunda atasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, ankafuna antchito akuda okhala pafupi ndi maofesi a boma, koma osati pakhomo penipeni. Azungu anatenga kumtunda ku Ridgeway, kenako Woodlands ndi Kabulonga, uko anthu mpaka lero amati kumayadi. Akuda anawamangira kuno tinyumba tozungulira ta udzu pafupifupi 300 m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ta chipinda chimodzi, poganiza kuti mwamuna adzabwera yekha kudzagwira ntchito, mkazi ndi ana n'kutsala kumudzi.

Tambiri mwa tinyumbato anatigwetsa kuti amange mafulati. Totsala 43 boma linatisandutsa mudzi wa zachikhalidwe mu 1974, ndipo ndi Kabwata Cultural Village imene alendo ochokera kunja amaifunsa akangotera pabwalo la ndege. Kumeneko osema ziboliboli amakhala pansi pa mitengo ndi tisompho tawo, amayi akuyala madengu, mikanda ndi zitenje. Mwana wa ku Kabwata amadutsa pachipatapo tsiku ndi tsiku osatembenuka n'komwe, ndipo sitingamudzudzule: ng'oma ndi njovu zamtengo anazisemera anthu a madola.

Pandale, dzina la Kabwata ndi lalikulu kuposa malo ake, pakuti chigawo cha phungu chimatenganso Kamwala, Libala ndi Chilenje. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394 imene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera chipani cha UNIP pomenyera ufulu. Michael Sata anayamba uphungu wake kuno mu 1983, zaka zambiri asanakhale pulezidenti mu 2011, ndipo Given Lubinda anakhala pampandowo zaka 20, kuyambira 2001 mpaka 2021. Koma chimene chinasintha nkhope ya Kabwata kwambiri si phungu aliyense. Ndi chilengezo cha Pulezidenti Frederick Chiluba cha mu 1996 chogulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene ankakhalamo. Wochita lendi atasanduka mwininyumba, kuseri kunamera zipinda za alendi, kutsogolo mpanda n'kubooledwa kukhala kashopu. Lero mukayenda mu Chilimbulu Road kapena kuzungulira msika, mupeza saluni, ometa, timabufu ta ndalama za pafoni, ndi zikwangwani zosawerengeka zolonjeza fotokope, kutayipa, kupulinta ndi kukonza makompyuta.

Zikwangwani zomalizazi ndi zimene zinandikoka. Kabwata ndi dera la anthu a cholembera: aphunzitsi, anamwino a kuchipatala cha UTH, apolisi, asilikali, makalaliki a m'maunduna ndi opuma pantchito amene akuthamangitsabe mapepala a penshoni. Pakhomo la anthu otere kompyuta si chokongoletsera pabalaza. Mwana wa ku yunivesite ya UNZA kapena ku koleji ya Evelyn Hone amalembapo ntchito ya kusukulu. Bambo wa kabizinesi amatumizirapo za msonkho ku ZRA ndi za antchito ake ku NAPSA. Ntchito zambiri za boma zinasamukira pa intaneti, pa ZamPortal. Mlembi wa mpingo amasungamo mayina a mamembala, ndipo wofuna ntchito amakonzerapo CV imene foni imaisokoneza mizere. Ngakhale ana ang'ono salekedwa, chifukwa phunziro la kompyuta linalowa m'sukulu, ndipo makolo ambiri akukumbukirabe chaka cha 2015 pamene ana a giredi 9 m'sukulu zina anatsala mpaka usiku akudikirana makina ochepa kuti alembe mayeso.

Makina ake ambiri si atsopano. Ena anagulidwa m'mashopu a mu Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way kapena pa Town Centre, aja amati ex-UK, kutanthauza kuti anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja asanakwere sitima. Ena anatsika kuchokera kumayadi: m'bale wa ku Kabulonga akagula laputopu yatsopano, yakale imapita kwa mwana wa mlongo wake ku Kabwata, ndi mafayilo ake omwe, ndi batire lakufa lomwe. Si makina oipa ayi. Ambiri ndi olimba kuposa otchipa amene amabwera m'katoni. Kungoti amafika atakalamba kale, ndipo kuno amapeza moyo wovuta.

Dandaulo lake ndi limodzi kulikonse. “Yaslowa,” amatero, kapena “ingofreeza chabe.” Mwayatsa, mwapita kukateleka madzi a tiyi, mwabwerako, kabwalo kaja kakuzungulirabe pasikirini. Mukadina chinthu, chimayankha mwaiwala kale chimene mumafuna. Ndiye mayi amaikulunga m'chitenje kapena kuiika m'chikwama cha mwana cha kusukulu, ulendo kwa wokonza. Ndipo yankho limene amalandira kawirikawiri nalonso ndi limodzi: “Ba mayi, iyi ni virus, tiyiformate chabe.” Kuformata n'kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Wokonza amakukonda chifukwa n'kwachangu, sikufuna kuganiza, ndipo kompyuta imathamangadi kwa masabata angapo. Koma nthawi zambiri n'kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Zithunzi za kitchen party ndi za chilanga mulilo zimapita, makalata a puloti amapita, kafukufuku wa mwana wa chaka chomaliza amapita, ndipo mwezi usanathe ulesi uja wabwerera, chifukwa chimene chinkaudzetsa sichinakhudzidwe. Kunena mosabisa, ambiri mwa anyamata a m'timashopu timeneti ndi oika Windows, osati okonza.

Okonza enieni alipo, ndipo mumawadziwa ndi mafunso. Yayamba liti? Malaiti anapita ikugwira ntchito? Mwana anaikamo chiyani? Choyamba amasiyanitsa matenda awiri amene eni ake amawasokoneza, ulesi wa kompyuta ndi ulesi wa intaneti. Amatsegula kalata yosungidwa m'makinamo. Ikatseguka msanga koma Facebook n'kumakoka miyendo, kompyuta ilibe mlandu, vuto ndi netiweki kapena bandulo imene yatha. Ikachedwa nayonso, amadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti atsegule Task Manager, imene imaonetsa chimene chikudya mphamvu. Pamakina akale a hard disk, mzere wa disiki umapezeka uli pa 100 peresenti ngakhale munthu sakuchita kanthu. Pa ena ndi RAM: kompyuta ya 4GB imene mwana watsegulapo masamba khumi a Chrome ndi nyimbo pa YouTube yatha kale mpweya. Amayang'ananso mapulogalamu odzitsegula okha makina akangoyaka, amene amachulukana mwakachetechete chaka ndi chaka, n'kuzimitsa osafunikawo. Amaona ngati disiki yadzaza ndi mafilimu. Ndipo sichachilendo kupeza ma antivirus awiri kapena atatu, onse otha nthawi, akulimbana okhaokha, pamene Windows ili ndi wake wokwanira. Zonsezi sizifufuta ngakhale chithunzi chimodzi.

Kenako amatsegula chivindikiro, ndipo apa m'pamene Lusaka amaonekera. Kuyambira mphepo za Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la mumzinda uno limalowa paliponse. M'kati mwa kompyuta limasakanikirana ndi ubweya wa bulangete n'kupanga chikhakha chotseka pamene kafani kamatulutsira mpweya wotentha. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo ikapitirira imangozima. N'chifukwa chake madandaulo amachuluka mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, makamaka kwa amene amaika laputopu pabedi kapena pamiyendo n'kutseka timabowo ta pansi. Mankhwala ake ndi otchipa: kupemerera fumbi ndi bulowa, kupukuta, ndi kupaka mafuta atsopano aja otuwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa. Wokonza wina amachita zimenezi pakhonde mwiniwake akuona, ndipo utsi wafumbi umene umatuluka umatseka pakamwa aliyense amene anabwera akulumbira kuti ndi vairasi.

Mdani wamkulu ndi malaiti. Mphamvu yambiri ya magetsi a Zambia imachokera kumadzi, ndiye chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 chinafika mpaka pa soketi ya pabalaza. Mu Malichi kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa maola 8 patsiku. Pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola 21 opanda magetsi, ndipo ku damu la Kariba, mbali ya Zambia, makina opangira magetsi amodzi okha mwa 6 ndi amene ankazungulira. Kumayadi ambiri anaika sola ndi ma inveta, kompyuta osadziwa n'komwe kuti kunja kwada. Ku Kabwata anthu ankadzuka pakati pa usiku, malaiti akabwera, kusita, kutchaja ndi kutayipa zonse pakamodzi. Kompyuta ya patebulo ilibe batire, choncho magetsi akapita imagwa pomwepo ili pakati polemba padisiki. Laputopu ya batire lakufa ndi chimodzimodzi. Kugwa kamodzi sikupha, koma kukabwerezeka miyezi, mafayilo a Windows amawonongeka, zosintha zimatsala theka, ndipo hard disk imayamba kuwerenga malo amodzi mobwerezabwereza, mwina n'kumalira kuti kete kete. Amene wamva kulira kumeneko asadikire mawa, akopere zofunika zake pa fulashi kapena pa intaneti tsiku lomwelo. Magetsi akabwerera nawonso amabwera ndi ukali umene umaotcha machaja, ndiye anthu amagula otchipa m'tauni, osadziwa kuti malaputopu ena, monga a Dell, akapanda kuzindikira chaja amachepetsa dala liwiro. Munthu amaformata kawiri konse, pamene wolakwa ndi chingwe.

Sikuti mavairasi kulibe. Alipo, ndipo njira yawo yaikulu ndi fulashi imene imayenda kuchoka kunyumba kupita kopulintitsa, kusukulu, kuofesi, n'kubwerera. Wodziwika kwambiri ndi uja amabisa mafoda onse n'kusiya timashotikati m'malo mwake, mwiniwake n'kuyamba kulira kuti ntchito yatayika pamene yangobisika. Ena amabwera ndi mapulogalamu obedwa amene wokonza mwiniyo amaikamo ngati basela akamaliza kuformata, ndipo apa mlandu suli wa mwana wa pakhomo, ngakhale ndiye amene amakalipidwa.

Chimene chimasinthadi makina akale ndi kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD, imene ilibe chozungulira m'kati, ndi kukweza RAM kufika pa 8GB. Kompyuta imene imatenga mphindi zingapo kuti iyake imayamba kuyaka m'masekondi. Koma n'zovuta kumuuza mphunzitsi amene malipiro ake adyedwa kale ndi ngongole kuti agule chitsulo chimene sachiona, pamene wa shopu yoyandikana akulonjeza kuthetsa zonse ndi kuformata pamtengo wochepa. Pamwamba pa izo pabwera nkhawa ina. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yawo ndi ya m'badwo wakale. Makina amenewa sanafe, akuyakabe ndipo akulembabe, kungoti chitetezo chawo chizicheperachepera. Anyamata a m'tauni anaphunzira kale kuikakamiza Windows 11 pamakina oterowo, ndipo ena mwa iwo akubweranso ataslowa kuposa kale.

Zambia inalumikizidwa ku intaneti kale mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa UNZA, ndiye Lusaka si mlendo pa zimenezi. Za kutsogolo, akuluakulu amatchula magetsi a Kafue Gorge Lower ndi a dzuwa a ku Chisamba, 5G, Starlink ndi achinyamata a zaukadaulo a ku BongoHive, ndipo mwina zina mwa izo zidzafikadi mu Chilimbulu Road. Pakadali pano okonza abwino a ku Kabwata amapempha zinthu zitatu zokha kwa makasitomala awo: kuzula pulagi malaiti akapita, kusaika laputopu pabulangete, ndi kukopera mafayilo kwina asanalole aliyense kuformata. Sabata yamawa tikwera ya mu Great East Road kupita ku Chelstone.