Mwini legeni uja tsopano ndi loya wa mbalame

Mukanamuona mwana wanga wachisamba chaka chatha, mukanafunsa kuti kodi mbalame zinamulakwira chiyani. Legeni sinkachoka m'khosi, matumba a kabudula ali tho ndi miyala. Kuno ku Cape Town kumene tikukhala, njiwa ikangotera padenga, iye diso limodzi tsinzinu, mwala uwo! Aneba anatopa n'kudandaula. Akadya switi, pepala ankalisiya pomwepo. Mayi ake analankhula mpaka mawu kusasa, koma mnyamata osamva kanthu.

Loweruka lina tinanyamuka banja lonse kupita ku SANCCOB ku Table View, chipatala cha mbalame za m'nyanja chomwe chakhala chikugwira ntchito kuyambira 1968. Iye anapita monyinyirika, milomo ili tu, poti tinamulanda legeni pakhomo.

Titangolowa, fungo la nsomba linatilonjera, kenako kulira kwina kunamveka kuseri. "Ababa, kuno amaweta abulu?" anandifunsa. Mayi wotiperekeza anaseka n'kutilozera mwini mawuwo: kambalame kofika m'mawondo, kakuda kumsana, koyera kumimba, koyenda mopendama uku ndi uku. Ameneyo ndiye pengwini wa ku Africa. Anatiuza kuti timadontho takuda ta pachifuwa timasiyana pa pengwini aliyense, moti ogwira ntchito amawazindikira nato. Mnyamata anakakamira pampanda n'kuyamba kuwerenga timadonthoto ndi chala.

Chimene chinamuthyola mtima ndi kudyetsa. Wogwira ntchito, atavala magolovesi poti mlomo wa pengwini umacheka, anapana mbalame yodwala pakati pa miyendo yake, n'kuikanula kukamwa mosamala, n'kulowetsa nsomba yathunthu, mutu patsogolo. Mbalame inameza, khosi likutukuka, kenako inapukusa mutu. Mwana wanga anayang'ana kukamwa kuli yasa. Munthu wamkulu kugwada pansi chifukwa cha mbalame imodzi, n'chinthu chimene anali asanachionepo.

Kenako tinamva za sitima yotchedwa Treasure, imene inamira mu June 2000 pakati pa zilumba za Robben ndi Dassen. Mafuta ake anaphimba apengwini pafupifupi 19,000. Nthenga zikanyowa mafuta, madzi ozizira amalowa mpaka pakhungu, mbalame n'kufa ndi chisanu kapena njala. Anthu zikwizikwi ongodzipereka anazitsuka imodziimodzi ndi sopo, kumutu akupukuta ndi mswachi, ndipo zambiri zinabwerera kunyanja zili moyo. Koma nkhondo sinathe. Nsomba zing'onozing'ono zimene apengwini amadya zachepa m'nyanja, mwa zina chifukwa cha usodzi wa makampani, ndipo mu 2024 mbalameyi inaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Mabanja oswana otsala safikanso 10,000.

Pobwerera m'minibasi mnyamata anali duu. Ndinaganiza kuti watopa. Tikufika kunyumba, anatenga legeni ija, n'kudula mphira ndi mpeni wa mayi ake, mphanda n'kuponya m'bini. Palibe anamuuza. Ine ndi mayi ake tinangoyang'anana, chimwemwe chili tayale.

Lero kunyumba kwathu kwasanduka kwina! Jumbo ikagwa pansi, amaithamangira mphepo isanaitengere kunyanja. Amalume ake atataya botolo pamsewu, anawagwira dzanja n'kunena mwaulemu kuti, "Amalume, tolani chonde, zimenezi zimakathera m'mimba mwa mbalame." Amalume anatola, akuseka mpaka misozi. Njiwa zija tsopano amaziikira madzi m'chivundikiro cha chidebe. Ali ndi kachitini komwe akusungamo makobidi, poti anamva kuti ku SANCCOB munthu akhoza kulipirira chisamaliro cha pengwini mmodzi n'kumupatsa dzina. Dzinalo anasankha kale, koma wakana kutiuza. Mlongo wake wamng'ono naye wayamba kuyenda mopendama m'nyumba monse, akulira ngati pengwini.

Abale anga amene muli ku Cape Town, musamangogwira ntchito osapuma. Funsani kaye za tsiku ndi nthawi yoonera malowa, kenako mutenge ana mupite nawo ku Table View. Ndipo mukadzapeza pengwini wodwala kapena wopakika mafuta kugombe, musamutengere kunyumba, aimbireni a SANCCOB.