Makina Osemela a CNC Akaphonya Muyeso, Vuto Kawilikawili Silikhala mu Mota

Amisili amene amagula makina ang'onoang'ono osemela matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta, ochedwa CNC, amakumana ndi vuto limodzi limene limawadyela ndalama zambili. Makina amayamba bwino kuzokota zilembo, koma pakati pa nchito mzele umapatuka, ndipo thabwa la mukwa logulidwa pa mtengo wokwela limangosanduka nkhuni. Ambili amathamangila kuitanitsa mota yatsopano kucokela kunja kwa dziko, n'kuidikila masabata angapo. Ikafika, vuto limakhala lilipobe.

Mota ya mtundu wa stepper, imene imakankha makina awa, siimawonongeka wamba. Imayenda mwa tumasitepi, ndipo zambili zimafuna masitepi 200 kuti zizungulile kamodzi. Kompyuta imangowelenga masitepi amene yatumiza, koma ilibe njila yodziwila ngati mota yayendadi. Kampeni kakagunda mfundo ya mtengo, mota n'kulephela masitepi 30, kompyuta imapitiliza ngati palibe cacitika, ndipo zonse zotsatila zimasemedwa pamalo olakwika.

Conco coyamba kufufuza ndi cakuti, kodi makina amaphonya mofanana nthawi zonse, kapena mosinthasintha? Mmisili alamule makina kuyenda mamilimita 100 osadula kanthu, apime ndi lula, ndipo abweleze kangapo.

Ngati nthawi iliyonse makina ayenda mamilimita 50, kapena 200, mota ilibe mlandu. Colakwika cili mu manambala a pulogilamu. Makina ambili ang'onoang'ono amayendela pulogilamu ya Grbl, imene inayambidwa ndi Simen Svale Skogsrud mu 2009 ndipo imakhala mu kabodi ka Arduino. Mu Grbl, manambala a pa $100, $101 ndi $102 ndi amene amauza makina kuti masitepi angati apanga milimita imodzi.

Masamu ake ndi osavuta. Pakati pa kabodi ndi mota pali kacipangizo kochedwa driver, kamene kamapatsa mota magetsi ndi kugawa sitepi lililonse m'tuzigawo. Ngati kagawa pa 16, ndiye kuti 200 kuculukitsa ndi 16 ndi 3,200. Pa makina a ndodo ya mazinga imene imasuntha mamilimita 8 ikazungulila kamodzi, nambala yoyenela ndi 400. Pa makina a lamba wa GT2 ndi kagudumu ka mano 20, nambala yake ndi 80.

Pano pali msampha umene umakola ambili. Munthu akacotsa driver ya A4988 n'kuikapo ya DRV8825 osasintha tumajampa tutatu twa pansi pake, makina amayenda theka cabe la mtunda, cifukwa pamene yoyambayo imagawa sitepi pa 16, yaciwiliyo imagawa pa 32. Ndipo ngati cosema catuluka cacikulu kapena cacing'ono modabwitsa, ayang'ane ngati fayilo inalembedwa mu mainchi m'malo mwa mamilimita. Lamulo la G20 ndi la mainchi, la G21 ndi la mamilimita.

Kuphonya kosinthasintha ndiko kumavutitsa, pakuti kumatanthauza kuti masitepi akutayika panjila.

Poyamba azime magetsi ndi kuyendetsa makina ndi manja kucokela ku mapeto kufika ku mapeto. Pamene palimba, pali fumbi la matabwa kapena njanji yapindika. Kenako alembe kamzele ndi colembela kucokela pa mtsulo wa mota kufika pa cogwilizanitsa cake. Makina akagwila nchito kamzeleko n'kupezeka katasiyana, kasikuluu kamasuka. Ndi kanthu kocepa kwambili, koma kagulitsa mamota ambili opanda cifukwa.

Cotsatila ndi kuculuka kwa magetsi amene driver ikupeleka. Akacepa, mota imalila ndi kunjenjemela osayenda bwino. Akaculuka, driver imatentha ndipo imadzizima yokha kwa kanthawi kuti isapse, kenako n'kuyambanso. Cizindikilo cake ndi makina amene amayenda bwino poyamba, koma n'kuyamba kuphonya pakapita mphindi zingapo, makamaka m'nyengo yotentha ya October. Pa ma driver ang'onoang'ono pali kasikuluu kosinthila magetsi amenewa. Pa DRV8825 zambili, mita yopimila magetsi ikaonetsa volti 0.5 pa kasikuluuko, mota imalandila ampeya imodzi. A4988 yopanda coziziletsa siiyenela kupitilila ampeya imodzi, ndipo kafani kakang'ono kamathandiza kwambili. Kufunda kwa mota yeniyeniyo si kodetsa nkhawa, pakuti imakoka magetsi ngakhale itaima.

Liwilo nalo limataya masitepi. Mota ya stepper imakhala ndi mphamvu zambili ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo mphamvuzo zimacepa liwilo likakwela. Ngati imalila n'kuima pothamanga, mmisili acepetse ndi theka manambala a liwilo pa $110 mpaka $112, ndi a kunyamuka pa $120 mpaka $122, kenako awakweze pang'onopang'ono.

Bokosi lopeleka magetsi, lochedwa power supply, limasokoneza anthu ambili. Pa mota pangalembedwe mavolti 3, pamene bokosi likutulutsa 24. Uku si kulakwa. Driver ndi imene imaletsa magetsi kupitilila muyeso, ndipo mavolti oculukilapo amathandiza mota kusunga mphamvu pa liwilo. Cofunika ndi kusapitilila malile a driver, amene pa A4988 ndi mavolti 35. Popima bokosili, apime makina ali pa nchito. Bokosi lofooka limaonetsa 24 makina ataima, koma n'kutsika mamota onse akanyamuka pamodzi.

Muno mu Zambia magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 230. Mabokosi ambili ocokela kunja ali ndi kaswichi m'mbali kosankhila 115 kapena 230, ndipo kakakhala pa 115 bokosi limapsa nthawi yomweyo likalumikizidwa. Bokosi lotele siliyenela kutsegulidwa ndi munthu wosadziwa, cifukwa limasunga magetsi oopsa mkati ngakhale litazimidwa.

Kuzimazima kwa magetsi ndi vuto lina. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, kampani ya ZESCO inafika pozima magetsi maola 17 pa tsiku mu September, ndipo amisili ambili anatembenukila ku majeneleta. Jeneleta yaing'ono imatsitsa magetsi pamene cipangizo cacikulu monga sowo kapena makina owochelela ayatsidwa. Kutsika kwa kamphindi n'kokwanila kuti kabodi kazime ndi kuyambilanso, ndipo Grbl imaiwala pamene kampeni kanali. Makina amene ali ndi tumaswichi twa kumapeto kwa njanji amatha kupezanso poyambila pake ndi lamulo la $H, ndipo thabwa limapulumuka. Opanda tumaswichi amasiya mwini wake akungoyelekeza ndi maso.

Pali nthawi zinanso pamene kompyuta imaduka kulumikizana ndi makina, kapena makina amaima ndi cenjezo lakuti agunda mapeto pamene ali pakati. Zikamacitika pokhapokha mota yozunguza kampeni yayatsidwa, gwelo lake ndi cisokonezo ca magetsi cocokela ku motayo. Nthambo zake zipatulidwe ku nthambo ya USB ndi za tumaswichi, nthambo ya USB ikhale yaifupi, ndipo makina alumikizidwe ku waya wa pansi. Amene akali kugwilitsa nchito pulogilamu yakale ya Mach3 kudzela pa doko la pulinta adziwe kuti njila imeneyo imafuna Windows ya 32-bit, ndipo nthambo wamba yosinthila USB kukhala doko la pulinta siigwila.

Zonsezi zikayesedwa, mpamene mota ingakayikilidwe. Mota ya nthambo zinayi ili ndi makoyilo awili, ndipo mita iyenela kuonetsa kulumikizana pakati pa nthambo ziwiliziwili. Nthawi zambili coduka cimapezeka kuti ndi nthambo imene imapindika makina akamayenda. Njila yotsimikizila ndi kusinthanitsa nthambo za mota ya X ndi ya Y pa kabodi. Vuto likasamukila ku mbali inayo, lili mu driver kapena mu manambala. Likatsala kumene linali, lili mu mota, mu nthambo yake, kapena mu njanji.

Kusinthanitsa kumeneku kucitike magetsi atazimidwa. Kuzula nthambo ya mota magetsi ali oyaka kumatha kupseleza driver nthawi yomweyo.