Kuseri kwa Makatani

Chiyambire 1969, pamene bungwe la ATEM lidayambitsa mpikisano wa zisudzo m'masukulu a sekondale m'Malawi muno, ana athu akhala akutiseketsa ndi kutiliza pansanja. Koma ife owomba m'manja sitikumbukira kawirikawiri iwo amene amagwira ntchito mumdima kuseri kwa makatani, kumene ngozi imabisala, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Taonani nsanja ya madesiki ogundaniza, imene masukulu ambiri amakonza: desiki limodzi likangosuntha mwana alikudumpha, mwendo umalowa pampata, fupa n'kuthyoka. Chifukwa chake miyendo ya madesikiwo imangidwe pamodzi ndi chingwe, ndipo mphunzitsi ayambe wayendapo yekha, nakhome misomali yotuluka, ana asanakwerepo. Wopachika nyali asakwere makwerero popanda mnzake womugwirira, ndipo makwerero ofika mamita 4 m'mwamba atalikire khoma mita 1 pansi. Magetsi athu, a mavoti 230, ndi okwanira kuchotsa moyo. Waya wosupuka asakhudzidwe ndi mwana, ndipo ukabuka moto wa magetsi usathiridwe madzi, koma athimitse kaye magetsiwo, nathire mchenga.

Chimene chimandiwawa mtima koposa ndicho chikwanje chenicheni m'dzanja la mnyamata wosewera ndewu, amene mtima ukamukwera ndi nthungululu za oonera amaiwala kuti womugwera pamapaziyo ndi mnzake wa m'kalasi. Chikwanje chosema pamtengo wofewa, chopakidwa penti, woonera sangachisiyanitse ndi chachitsulo. Momwemonso tochi ilowe m'malo mwa kandulo, amene sayenera kuyandikira makatani kapena udzu wa kanyumba ka m'sewero.